Kukadya chakudya cha ku Mexico mu London koyamba: kuyambira posankha malo mpaka pa bilu

Msuweni wanga atangofika kuno kudzagwira ntchito ya unamwino ndinamutenga kukadya ku lesitilanti ya chakudya cha ku Mexico, ndiye atatsegula menyu anangoyang'ana kamodzi nkuitseka, amvekere achimwene ingondiitanitsirani chilichonse chomwe muli nkhuku basi. Ndinamumvetsa chifukwa mayina ake ndi achilendo ndithu, koma zinandikhudza, poti pa zakudya zonse zomwe zili mu mzinda uno palibe chomwe chili pachibale ndi mphika wa amayi kwathu kuposa chimenechi. Chimanga chomwe timalima ku Dedza ndi ku Kasungu kwawo ndi ku Mexico, anthu akumeneko anayamba kuchilima zaka pafupifupi 9,000 zapitazo, ndipo nyemba, maungu, tsabola ndi mapeyala akhala akudya kuyambira kalekale. Ndiye ngati simunapiteko chifukwa choopa menyu, nazi zomwe ine ndimachita.

Choyamba, sankhani malo ndipo dziwani kuti alipo a mitundu iwiri

Pali malo ophika za ku Mexico zenizeni, pali ena ophika zomwe amati Tex-Mex, zomwe zinakulira ku Texas ku America m'malire ndi Mexico. Onsewa panja amalemba Mexican ndiye munthu sungasiyanitse ukamangodutsa. Tsegulani menyu yawo pa foni musanachoke pakhomo. Mukaona kuti yadzadza ndi fajitas, chili con carne, nachos wothira tchizi chachikasu chambirimbiri ndi ma burrito akuluakulu ngati mkono, amenewo ndi a Tex-Mex. Sizoipa ayi, mumakhuta bwinobwino, ndipo nachos yo inayambira ku tauni ya m'malire ya Piedras Negras m'zaka za m'ma 1940 kwa bambo wina dzina lake Ignacio Anaya, koma si chakudya chomwe ndikufuna mulawe ulendo woyamba. Fufuzani malo omwe menyu yawo ikutchula ma taco ang'onoang'ono a chimanga, ndipo mukaona mawu oti masa kapena nixtamal, omwe amanena za chimanga chokonzedwa mwa njira ya makolo awo, dziwani kuti pamenepo nkhani ya chimanga amaitenga mwaulemu.

Kwa woyamba kumene ine ndimati Wahaca ndi poyambira pabwino, ili ndi nthambi zingapo mu mzindamu, yoyamba inatsegulidwa ku Covent Garden mu 2007 ndi Thomasina Miers yemwe anapambana mpikisano wophika wa pa TV wa MasterChef mu 2005, ndipo menyu yawo imafotokoza chakudya chilichonse mu Chingerezi chosavuta. El Pastor ya ku Borough Market ndi ya ma taco kwenikweni. Palinso KOL ku Marylebone ya Santiago Lastra yomwe inalandira nyenyezi ya Michelin, ulemu womwe amapereka kwa malo odyera apamwamba, mu 2022, koma kumeneko nkopita pa tsiku lalikulu mutasunga ndalama, si koyambira.

Chachiwiri, bukitsani tebulo

Lachinayi, Lachisanu ndi Loweruka madzulo malo abwino amadzadza, mukangotulukira muli anthu 5 mudzaima panja pozizira mpaka njala isanduke mkwiyo. Bukitsani pa webusaiti yawo masiku angapo zisanachitike. Ena amapempha nambala ya khadi ndipo amadula ndalama mukapanda kubwera osanena, ndiye mapulani akasintha kanselani msanga. Sungani nthawi abale, kuno tebulo amakusungirani mphindi zochepa chabe kenako amapatsa ena, ndipo kawirikawiri amakuuzani kuti tebulo ndi lanu kwa ola ndi theka kapena maola awiri. Ngati muli ndi ana kapena simukonda phokoso pitani masana. Tengani khadi chifukwa malo ambiri anasiya kulandira kashi.

Chachitatu, mukafika

Imani pakhomo, tchulani dzina lomwe munabukitsira, akuperekezani okha ku tebulo. Mukakhala pansi, musanachite china chilichonse pitani mukasambe m'manja ku bafa, chifukwa chakudya ichi nchodya ndi manja koma palibe amene abwere ndi beseni ndi jagi ngati kwathu. Madzi a pa mpopi ndi aulere, malo aliwonse ogulitsa mowa kuno ku England lamulo limawakakamiza kupereka mukapempha, ndiye weta akafunsa za madzi nenani kuti a pa mpopi, apo ayi akubweretserani a m'botolo olipira.

Pa zakumwa yang'anani pomwe alemba aguas frescas. Mukaona jamaica musaganize za dziko la Jamaica, chimenecho ndi chidede, chomwe chija chofiira chowawasa, achiwiritsa nkuthira shuga nkuziziritsa. Tamarindo ndi bwemba. Horchata ndi chakumwa choyera cha mpunga ndi sinamoni, chotsekemera, ndipo chimathandiza tsabola akakuvutani. Msuweni wanga uja atalawa jamaica anakhala chete kaye kenako anati ichi ndiye ndimachidziwa, ndipo kuyambira pamenepo mantha a menyu anachepa.

Chachinayi, nenani zomwe simudya musanaitanitse

Apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pomwe anthu akwathu ambiri amapwetekera. Nkhumba ili paliponse mu chakudya cha ku Mexico ndipo nthawi zambiri dzina lake silioneka. Al pastor ndi nkhumba, carnitas ndi nkhumba, cochinita pibil ndi nkhumba, chorizo ndi soseji ya nkhumba, chicharrón ndi chikopa cha nkhumba chokazinga. Chobisika kwambiri ndi mafuta a nkhumba omwe iwo amati manteca, mwachikhalidwe amakazingira nyemba zophwanya zija za frijoles refritos, amawaika mu tamales komanso nthawi zina mu tortilla ya ufa wa tirigu. Malo ambiri mu London amagwiritsa mafuta a masamba koma musaganizire, funsani. Ngati ndinu Msilamu kapena wa Seventh Day, kapena simudya nkhumba pa zifukwa zanu, muuzeni weta poyambirira penipeni ndipo mufunse mwachindunji za nyemba ndi tortilla. Za halal funsani pa foni musanapite nkomwe, si malo onse.

Mnzathu wina wa ku Mangochi tinapita naye pamalo pena, anaitanitsa nyemba ndi mpunga poganiza kuti wazemba zonse, titadya theka ndi pomwe tinafunsa nkumva kuti nyembazo anaphikira chorizo. Anakhumudwa kwambiri ndipo ine ndinadziona wolakwa chifukwa ndine ndinamutenga. Kuyambira tsiku limenelo funso limeneli ndimafunsa ndisanatsegule menyu.

Chimodzimodzi amene thupi lawo limadana ndi mtedza. Sosi yotchedwa mole nthawi zambiri mumakhala mtedza, chitowe ndi ma almond. Malamulo akuno amafuna kuti malo odyera akuuzeni za zinthu 14 zomwe zimadwalitsa anthu ena, ndiye kufunsa si kuvutitsa ayi, ndi ntchito yawo ndipo amakhala ndi pepala lake.

Chachisanu, werengani menyu poyambira pa tortilla

Mukamvetsa tortilla mwamvetsa theka la menyu. Ndi kachigumu kopyapyala kozungulira ka chimanga kootcha pa chiwaya chafulati chomwe amati comal, ndipo kwa iwo ndi ngati nsima kwa ife, zina zonsezo ndi ndiwo. Koma chimanga chake sapita nacho kuchigayo chili chouma ngati ife. Amayamba achiwiritsa m'madzi othira laimu, uja wa njereza osati ndimu, nkuchisiya usiku wonse, m'mawa nkutsuka gaga, kenako nkupera chili chonyowa mpaka chikhale phala lolimba lomwe ndi masa. Ena kale ankagwiritsa phulusa, ndiye ganizani za chidulo chomwe agogo amatcheza pophika therere, nzeru yake ndi yofanana. Njira imeneyi ndiyo imapatsa tortilla kafungo kake komanso kuti izipindika osathyoka, ndipo imamasula vitamini wotchedwa niacin yemwe mu chimanga amakhala womangika. Chimanga chinafika kwathu koma njirayi inatsalira konko, nchifukwa chake matenda a pellagra amavuta anthu odalira chimanga chokha, ngati mmene zinachitikira m'misasa ya othawa nkhondo a ku Mozambique ku Malawi cha m'ma 1990. Ine nkhani imeneyi imandipatsa maganizo nthawi zonse ndikagwira tortilla yotentha m'manja.

Ndiye onani mmene mayina amayendera. Tortilla yofewa yoikapo ndiwo pamwamba ndi taco. Akaipinda ndi tchizi mkati nkuotcha ndi quesadilla. Akaiumitsa kuti ikhale yokhukhuta nkusanjapo zinthu ndi tostada. Akaikulunga nkuimiza mu sosi ya tsabola ndi enchilada. Akaiduladula nkukazinga ndi totopos, tomwe mumasunsira mu guacamole, yemwe ndi mapeyala ophwanya ndi mchere, ndimu, anyezi ndi tsabola. Tamal ndi masa yokulunga m'makoko a chimanga kapena m'masamba a nthochi nkuphika ndi nthunzi, ikabwera musadye chokulungiracho, fukulani ngati mmene timachitira ndi mkate wa nthochi.

Mawu a ndiwo ndi ochepa oti muwadziwe: pollo ndi nkhuku, res ndi ng'ombe, cerdo kapena puerco ndi nkhumba, pescado ndi nsomba, frijoles ndi nyemba, hongos ndi bowa, queso ndi tchizi, lengua ndi lilime la ng'ombe. Ndipo musaope kutchula, Chisipanishi chili ndi mavawelo asanu omwewa a Chichewa, a e i o u, ndiye ife timatchula bwino kuposa azungu ambiri akuno. Ingokumbukirani kuti ll amamveka ngati y, j ngati h, que ngati ke. Tortilla ndi tortiya, pollo ndi poyo, jalapeño ndi halapenyo, quesadilla ndi kesadiya, mole muwerenge mmene alembera, mo-le.

Chachisanu ndi chimodzi, itanitsani pang'onopang'ono ndipo mugawane

Ma taco enieni ndi aang'ono, kukula ngati chikhatho, amabwera awiri kapena atatu pa mbale. Funsani weta kuti pa mbale pakubwera angati. Munthu wanjala yabwino amafuna ma taco 4 kapena 5 kuphatikiza kanthu kapambali. Musaitanitse zonse kamodzi chifukwa taco ikazizira tortilla imauma nkuyamba kusweka, itanitsani gawo loyamba, mudye, kenako muwonjezere zomwe zakukomerani.

Mukakhala awiri ine ndingayambe chonchi: guacamole ndi totopos pakati, kenako mbale zitatu za ma taco osiyana, nyemba zakuda pambali, ndipo ngati pali esquites tengani, ndi chimanga chachiwisi chosola chophika chothira ndimu, tsabola, mayonezi ndi tchizi, munthu wokulira pa mondokwa sangachikane.

Ngati mumadya nkhumba yambani ndi al pastor. Nyama yake amaiviika mu tsabola wouma ndi achiote yemwe amaifiiritsa, nkuisanja pa chitsulo choimirira chozungulira pafupi ndi moto, amati trompo, nkumasenga yakupsa kunja kugwetsera pa tortilla ndi kachidutswa ka chinanazi. Ikufanana ndi shawarma eti, ndi zoona, njirayi inabwera ndi anthu ochokera ku Lebanon omwe anasamukira ku Mexico, makamaka ku Puebla, kenako eni dziko anasintha nkhosa nkuika nkhumba. Cochinita pibil ndi ya ku Yucatán, yophika nthawi yaitali m'masamba a nthochi ndi madzi a malalanje owawasa, imabwera ndi anyezi wofiirira. Carnitas ndi ya ku Michoacán, yophikidwa m'mafuta ake omwe mpaka kufewa.

Osadya nkhumba simukutsala ayi. Barbacoa ku Hidalgo ndi nkhosa yophikira m'dzenje, kuno nthawi zambiri mupeza ya ng'ombe kapena nkhosa yofewa yongoyoyoka. Birria ndi ya ku Jalisco, mwachikhalidwe ndi mbuzi, malo ambiri pano amaphika ya ng'ombe, imabwera ndi kambale ka msuzi kosunsiramo taco ndipo kwa Mmalawi wokonda msuzi iyi ndiye yake. Tinga ndi nkhuku yonyenyanyenya mu tomato ndi tsabola wotchedwa chipotle. Taco ya nsomba ya ku Baja California ndi nsomba yokazinga mu ufa ndi kabichi. Mukaona flor de calabaza ndi maluwa a maungu, chiluwe chathu chomwe chija, amachiika mu quesadilla. Malo ena ochepa amakhala ndi chapulines, ziwala zokazinga za ku Oaxaca zothira ndimu ndi tsabola, anzathu akuno amachita kujambula asanalawe pomwe ife tinakulira zomwezo.

Mole ndiye musiyireni malo ngati alipo. Ndi sosi yakuda yolemera, mumalowa mitundu ingapo ya tsabola wouma, mtedza, zokometsera ndi chokoleti pang'ono, kuphika kwake kumatenga tsiku, ku Puebla ndi ku Oaxaca ndi chakudya cha pa ukwati ndi pa zikondwerero. Poyamba lilime limadabwa chifukwa kutsekemera, kuwawa ndi kafungo ka utsi zonse zili pamodzi, lawani kachiwiri ndi kachitatu musanaweruze. Kuphika kwa mtundu umenewu ndi komwe kunachititsa kuti UNESCO iike chakudya cha makolo cha ku Mexico pa mndandanda wa chikhalidwe cha dziko lonse mu 2010.

Kanthu kena, pafupifupi taco iliyonse amawaza masamba a coriander, iwo amati cilantro. Pali anthu ena omwe masamba amenewa amawamva ngati sopo mkamwa, ndi chibadwa chabe, ngati ndinu mmodzi wa iwo nenani asaike.

Chachisanu ndi chiwiri, salsa muyambe mwalawa

Chakudya chenichenicho nthawi zambiri sichiwawa kwambiri, ukali uli mu timbale ta salsa tomwe amaika pa tebulo, ndiye mwini mbale ndi amene amasankha. Musapusitsidwe ndi mtundu, yobiriwira ikhoza kuwawa kuposa yofiira. Donthezani pang'ono pa totopo kapena kuseri kwa supuni, lawani, dikirani kaye chifukwa tsabola wina amachedwa kufika. Pico de gallo ndi tomato, anyezi ndi tsabola zoduladula, ngati kachumbali wa pa chiwaya, siivuta. Salsa verde ndi ya tomatillo, kachipatso kobiriwira kokhala m'kathumba ngati jamu, yowawasa bwino. Chipotle ndi jalapeño wakupsa woumitsa pa utsi. Habanero ndiye wamkulu, pa muyeso wa ukali wa tsabola wotchedwa Scoville jalapeño amakhala pakati pa 2,500 ndi 8,000 pomwe habanero amayambira pa 100,000 kufika 350,000. Amene munazolowera kambuzi mudzamuzindikira fungo lake chifukwa ndi a banja limodzi, koma ngakhale mumathira Nali pa chilichonse yambani ndi dontho. Salsa macha ndi ya mafuta ndi tsabola wouma ndipo kawirikawiri muli mtedza, odana ndi mtedza samalani.

Tsabola akakugwirani madzi sathandiza kwenikweni, amangomwaza moto mkamwa monse. Tengani crema, kirimu wowawasa uja, kapena tchizi, kapena tafunani tortilla yopanda kanthu.

Chachisanu ndi chitatu, kadyedwe kake

Foloko ndi mpeni zisiyeni, taco ndi ya manja. Finyirani ndimu pamwamba, thirani salsa pang'ono motsatira utali wake, pindani tortilla pakati, igwireni pamwamba ndi chala chachikulu ndi ziwiri zotsatira, ndiye pendeketsani mutu wanu osati taco, mulume kuchokera kumapeto mbale ili pansi pa chibwano. Kuluma kuwiri kapena kutatu yatha. Mukaona tortilla ziwiri zosanjikiza si kulakwitsa, yachiwiriyo imagwira msuzi kuti yoyamba isabooke, ndipo zomwe zagwera pa mbale mumatolera ndi yomweyo. Enchilada ndi mole zokha ndiye gwiritsani foloko popeza zimasambira mu sosi, koma tortilla ikabwera pambali m'kadengu kokutira ndi nsalu muziitenga imodzi imodzi nkubwezera nsaluyo kuti zotsala zisazizire, muzinyema nkumakombera sosi ngati mbamu ya nsima. Fajitas ikabwera ikulira pa chiwaya chachitsulo musakhudze chiwayacho ndipo ana muwatalikitse.

Chachisanu ndi chinayi, mowa ndi zotsekemera

Kwa omwe amamwa, tequila imachokera ku chomera cha agave wa buluu, chooneka ngati khonje, makamaka ku Jalisco, ndipo mezcal yambiri ndi ya ku Oaxaca, imamveka utsi chifukwa mitima ya agave amaiotcha m'dzenje. Yabwino ndi yopsontha pang'onopang'ono osati kugugudiza. Margarita ndi tequila, ndimu ndi mowa wa malalanje, mchere m'mphepete mwa tambula, imatsekemera ndiye imanyenga, komanso ndi imene imakweza bilu kuposa chakudya, awiri mukamwa ziwiriziwiri mudzaona nokha pa pepala. Pomaliza tengani churros mbale imodzi mugawane, ali ngati mandasi aatali owaza shuga ndi sinamoni, osunsa mu chokoleti kapena mu cajeta yemwe ndi mkaka wa mbuzi wowiritsa ndi shuga mpaka kuda.

Chakhumi, bilu

Bilu sibwera yokha, muyenera kuipempha. Ikabwera werengani mzere uliwonse, ndipo pansi mupeza service charge, mu London kawirikawiri ndi 12.5%, kutanthauza kuti mukadya za £80 muwonjezera £10 kukhala £90. Ikakhalapo simufunikanso kusiya tipu ina. Ngati alemba kuti ndi yosakakamiza muli ndi ufulu wopempha kuti aichotse pomwe sanakusamaleni bwino, koma ngati zonse zayenda ine ndimati lipirani, kuyambira October 2024 lamulo limati ndalama imeneyi yonse ipite kwa ogwira ntchito, ndipo ambiri mwa iwo ndi obwera ngati ife tomwe, aima tsiku lonse.

Nkhani ya ndani alipira mukambirane musanalowe, makamaka ngati mwaitana munthu wongofika kumene kuchokera kumudzi yemwe akudziwa kuti woitana ndiye amalipira, pomwe anzanu akuno akuyembekeza kugawana. Weta akhoza kugawa bilu pa makhadi angapo, ingomuuzani kuti aliyense alipira zingati. Zotsala pemphani bokosi, nyama ndi nyemba zimakoma mawa lake mukatenthetsa, tortilla muitenthetse pa felempani youma yopanda mafuta masekondi ochepa mbali iliyonse, koma guacamole yekha malizani pompo chifukwa akagona amada.